Kodi chithunzi cha m'diso chingauze dokotala mmene mtima ukugwirira ntchito? Zokambirana pa gulu la anthu a ku Kasungu

Nachisale (Chamama): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu a zachipatala amene muli pano. Bambo anga anadwala heart attack mwezi wa June ali pa jeke kudinda fodya. Anagonekedwa ku Lilongwe, ndipo anatuluka ndi mankhwala thumba lodzaza. M'kabuku kawo ka kuchipatala analembamo EF 38%, n'kutiuza kuti tidzabwerenso akawaunike mtima kachiwiri ndi echo, makina oonera mmene mtima ukufinyira. Ndiye achimwene anga ali ku Johannesburg anditumizira nkhani yoti masiku ano akungojambula diso n'kudziwa mmene mtima ulili. Iwo akuti bwanji tingowajambulitsa diso m'malo mowakweza minibasi ulendo wonsewo, poti akakhala pansi nthawi yaitali amatupa mapazi. Zoona zimenezi?

Madalitso wa Kabaza: Diso ndi mtima zikugwirizana pati? Ine chimene ndimadziwa n'choti diso likaona namwali mtima umagunda, basi 😂

Nachisale (Chamama): aMada inu, nkhani ndi ya matenda iyi.

Madalitso wa Kabaza: Pepani achemwali. Bambo achire msanga.

aMwale (C.O., Clinical Officer): Pepani ndi matenda a bambo, aNachisale. Ndiyankhe mwachidule poti ndili pa ntchito: ulendo wa echo musauthetse. Nambala ija ya EF 38 ikutanthauza kuti chipinda chachikulu cha mtima, cha kumanzere, chikadzaza magazi n'kufinya, chikutulutsa 38 pa 100 iliyonse ya magaziwo. Mtima wabwinobwino umatulutsa pakati pa 55 ndi 70. Ikafika 40 kutsika m'munsi timati mphamvu ya mtima yachepa. Koma nambala yoyezedwa masiku oyambirira sikhala yomaliza. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mnofu wina umaferatu n'kusanduka chipsera, pamene wina wozungulira malowo umangokomoka, sunafe. Umenewo umatha kutsitsimuka pakapita masabata, bola magazi ayambenso kufika ndipo munthu azimwa mankhwala. N'chifukwa chake amati mubwerenso pakatha masabata 6 mpaka 12. Akufuna aone ngati 38 ija yakwera kapena yatsika, ndipo mankhwala amawasintha potengera zimenezo. Palibe chithunzi cha diso chimene chingawapatse nambala imeneyo.

Nachisale (Chamama): Ndiye kuti nkhani ya achimwene ija ndi yabodza?

Mayi Kamanga (za maso): Si yabodza, kungoti achimwene anu aimvera pamwamba. Ine ndimagwira ntchito ya maso, ndiye ndifotokoze zimene timaona. Mkati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala. Pamenepo ndi pamene timaona bwino kwambiri mitsempha ing'onoing'ono ya magazi popanda kung'amba munthu. Timaunika kudzera pa kamwana ka diso, n'kuona mitsempha yobweretsa magazi ndi yobweza magazi ili poyera. Zimenezi si za lero ayi. Kachipangizo kounikirako anakapanga Hermann von Helmholtz ku Germany cha mu 1851, ndipo pofika 1939 madokotala atatu a ku Mayo Clinic ku America, Keith, Wagener ndi Barker, anali atagawa kale m'magulu anayi zimene BP imachita m'diso.

Munthu amene wakhala ndi BP zaka zambiri, mitsempha yobweretsa magazi ija imaonda n'kuuma, ndipo pamene yapingasana ndi inzake yobweza magazi imaipsinja mpaka inayo imaoneka yoduka. BP ikakwera mopitirira timapeza magazi atadontha, komanso timawanga toyera pamalo pamene magazi sakufika. Choncho diso limatiuza mbiri ya mitsempha ya munthu. Zimene zawononga mitsempha ya m'diso, kaya BP, shuga kapena fodya, ndi zomwezo zimawononga ya mtima, ya impso ndi ya mu ubongo. Koma zoti lero mtima wa bambo ukufinya mwamphamvu bwanji, zimenezo ine ndi tochi yanga sindingazione.

Aphunzitsi Banda (Mtunthama): Ine ndi wa shuga kuyambira kalekale ndisanapume ntchito, ndiye m'maso amandiunika chaka ndi chaka. Kwa amene simunapangepo, zimakhala chonchi. Amakudonthezerani mankhwala oluma pang'ono, mumakhala pa benchi mphindi 20 kapena 30 kudikira kuti kamwana ka diso kakule. Kenako mumaika chibwano pa kachitsulo, chipumi kutsamira kutsogolo, amati yang'anani kanyali aka osaphethira, basi ng'ani! kuwala. Mukatuluka panja dzuwa limakulasani zenizeni, zilembo za pafoni zimangosakanikirana mpaka madzulo. Chithunzicho anandionetsa pa kompyuta, chozungulira, chofiirira, mitsempha yonse itatuluka malo amodzi owala n'kumwazikana. Anandilozera timadontho tofiira pafupi ndi pakati, akuti uyu ndi shuga wanu aphunzitsi. Chonsecho ine ndinkaona bwinobwino, ndinkawerenga mawu kutchalitchi popanda vuto. Chinandiopsa n'chimenecho, kuti chinthu chizichitika m'diso mwako iwe mwini osamva kanthu.

Madalitso wa Kabaza: Ndiye munthu akamudonthezera mankhwalawo sangayendetse njinga yamoto?

Mayi Kamanga (za maso): Asayerekeze, kwa maola 4 mpaka 6, ena kupitirira. Abwere ndi womuperekeza.

Madalitso wa Kabaza: Bizinesi imeneyo. Ndiziima pageti tsiku la kiliniki ya maso.

Chikondi (wophunzira ku KUHeS): Ndiwonjezereko za kafukufuku, poti ndikuganiza n'zimene achimwenewo awerenga. Mu 2018 ofufuza a Google anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi za retina za anthu oposa 280,000. Kompyutayo inayamba kulosera zaka za munthu n'kumaphonya ndi zaka zitatu zokha kapena kupitirira pang'ono, inkadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, zimene madokotala a maso okha sangathe poyang'ana chithunzi, ndipo BP ya pamwamba inkaiphonya ndi 11 cha pamenepo. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi a University of Leeds ku England linachita zofanana nazo ndi anthu oposa 5,000 a mu UK Biobank (kaundula wamkulu wa zaumoyo wa anthu a ku Britain) amene anajambulidwa diso komanso mtima ndi MRI, makina ojambula mkati mwa thupi. Kompyuta inaphunzira kuyerekeza kukula kwa chipinda cha kumanzere chija kuchokera pa chithunzi cha diso, kenako kulosera amene angadzadwale heart attack. Iwo ananena kuti inkalondola 70 mpaka 80 pa 100.

Bambo a Yamikani (Santhe): 80 pa 100 ndi pasi yabwino imeneyo. Ana athu ku MSCE akapeza choncho timapha nkhuku. Vuto lili pati?

Chikondi (wophunzira ku KUHeS): Vuto ndi funso limene kompyutayo ikuyankha, bambo. Ikulosera kuti pagulu la anthu amene sanadwalepo, ndani ali pachiopsezo. Bambo a aNachisale adwala kale. Zoti ali pachiopsezo sitikufunikanso kompyuta itiuze. Komanso anthu a mu UK Biobank ambiri ndi azungu a zaka 40 mpaka 69 pa nthawi imene ankalowa. Retina ya munthu wakuda imaoneka mosiyanako pa chithunzi, matenda athunso ndi osiyana. Kompyuta yophunzitsidwa ku England iyenera kuyesedwa kaye pa maso athu isanayambe kutiweruza.

aMwale (C.O.): Ndipo 20 kapena 30 amene yawaphonyawo ndi anthu enieni, ali ndi maina ndi ana. Pa mayeso ukaphonya funso umabwereza chaka chamawa.

Chikondi (wophunzira ku KUHeS): Kafukufuku amene wayandikira kwambiri funso la aNachisale ndi wa makina ena otchedwa OCT angiography. OCT inatuluka mu 1991 ku yunivesite ya MIT ku America, imagwiritsa ntchito kuwala kuona zigawo za retina. Ya angiography inayamba kupezeka m'zipatala cha m'ma 2015. Imajambula malo amodzi kambirimbiri mofulumira, ndiye chilichonse chimene chasuntha pakati pa zithunzizo chimakhala magazi akuyenda. Mwanjira imeneyi imatulutsa mapu a timitsempha tochepetsetsa, tija maselo ofiira amadutsamo mondondozana, popanda kubaya munthu jakisoni wa utoto. Kenako imawerengera kuti timitsemphato tadzaza gawo lalikulu bwanji la malowo. Ku Dijon ku France anachita kafukufuku wotchedwa EYE-MI, anatuluka mu 2018. Anajambula maso a anthu amene anagonekedwa ndi vuto la mitsempha ya mtima ladzidzidzi, n'kupeza kuti amene timitsempha tawo ta m'diso tinali tochepa ndi amenenso kawirikawiri anali pachiopsezo chachikulu ndiponso mtima wawo unkafinya mofooka. Ndiye kugwirizana kulipo ndithu. Koma ndi kugwirizana kwa pagulu. Mukatenga munthu mmodzi, makinawo sangakuuzeni kuti uyu ndi 38 kapena 50.

Nachisale (Chamama): Koma chifukwa chiyani zikugwirizana? Mtsempha umene unatseka kwa bambo anati ndi waukulu, wa pamtima penipeni. Wa m'diso ukulowa bwanji?

aMwale (C.O.): Funso labwino limenelo. Mitsempha ikuluikulu yodyetsa mtima ndi ya mamilimita atatu kapena anayi m'mimba mwake. Ya m'diso imene Mayi Kamanga amaona sifika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Koma mtima nawo uli ndi timitsempha take ting'onoting'ono mkati mwa mnofu, ndipo magazi amafika pa mnofu kudzera m'timeneto. Inu a kudimba mukudziwa: mungatsegule ngalande yaikulu madzi n'kuthamanga bwino, koma ngati timifuleni tolowa m'mabedi tatsekeka ndi matope, tomato afota basi. Zimachitikanso kumtima. Ngakhale kumene ali ndi zipangizo zotsegulira mtsempha waukulu ndi kuikamo stent (kachubu kogwira mtsempha kuti usatsekekenso), odwala ena magazi safikabe bwino pa mnofu chifukwa timitsempha tating'onoto tawonongeka, ndipo mitima yawo ndi imene imachira movutikira. Timitsempha ta mumtima n'tovuta kutiona, timafuna MRI. Ta m'diso timaoneka mosavuta. Ndiye ofufuza akuganiza kuti ngati ta m'diso tatha, mwina ta mumtima tathanso. Palinso mbali ina: mtima ukafooka, magazi ofika kumalekezero amachepa, m'diso momwe. Choncho n'zovuta kusiyanitsa chimene chayambitsa chinzake.

Bro Jere (Health Products): Zimene mukukambazi ife timapanga kale pa town pompano. Tili ndi makina ochokera kunja, timajambula diso n'kukuuzani matenda onse, mtima, chiwindi, impso, ngakhale mafuta m'magazi. Palibe kudonthezera mankhwala, mphindi zisanu basi. Achemwali bweretsani bambo, tili ndi tiyi ndi makapisozi otsuka mitsempha, ambiri asiya nawo mankhwala a BP.

Mayi Kamanga (za maso): aJere, mumajambula mbali iti ya diso?

Bro Jere (Health Products): Diso lonse mayi, kutsogolo kuno pamene pali mtundu. Chiwalo chilichonse chili ndi malo ake pamenepo.

Mayi Kamanga (za maso): Ndimadziwa. Chimene mukujambulacho ndi iris, mbali yakuda yozungulira kamwana ka diso, yomwe aliyense amaiona pagalasi. Ife tikunena za retina, mkati kumbuyo. Zoti chiwindi chili ndi malo ake pa iris zinayesedwa kangapo, oyesawo anapatsidwa zithunzi za odwala impso ndi za anthu abwinobwino, sanathe kusiyanitsa. Iris ya munthu sisintha mawanga ake chifukwa wadwala mtima, n'chifukwa chake maiko ena amaigwiritsa ntchito pozindikira anthu mofanana ndi zidindo za zala.

aMwale (C.O.): Za makina tingatsutsane mpaka mawa, koma mawu oti "asiya nawo mankhwala" amenewo ndi amene andiimitsa tsitsi. Munthu wa EF 38 akasiya aspirin ndi anzake, mtsempha uja utha kutsekanso. Akasiya mwadzidzidzi mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, monga atenolol, bisoprolol kapena carvedilol, mtima umathamanga n'kubweretsa ululu wa pachifuwa. Ndalandirapo anthu miyendo itatupa mpaka m'ntchafu, akulephera kugona chagada, m'chikwama muli mabotolo a makapisozi a ndalama zambiri, mankhwala aulere a kuchipatala atawasiya kunyumba.

Bro Jere (Health Products): Nsanje basi. Anthu akuchira.

Admin: aJere, malamulo a gulu mukuwadziwa, malonda a mankhwala pano ayi. Uthenga uja ndauchotsa nambala. Tipitirize.

Gogo Nabanda (Chulu): Ana inu ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu akundiwerengera zina. Ine ndimadabwa kuti zonsezi ndi France, England, America. Ife kuno maso athu sawafufuza?

Chikondi (wophunzira ku KUHeS): Agogo, pa nkhani yoona thupi kudzera m'diso, Malawi ali ndi mbiri yaikulu, kungoti ndi ya malungo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira m'ma 1990, dokotala wa maso Susan Lewallen pamodzi ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kuunika m'maso mwa ana okomoka ndi malungo aakulu. Anapeza kuti retina imayera malo ena, mitsempha imasintha mtundu, ndipo pamakhala timadontho ta magazi. Mu 2004 anatulutsa zimene anapeza atapima matupi a ana amene anamwalira akuganiziridwa kuti ndi malungo a mu ubongo. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi anali atamwalira ndi matenda ena, tizilombo ta malungo tinangopezeka nawo m'magazi. Chimene chinasiyanitsa bwino magulu awiriwo ana ali moyo chinali m'diso. Lero dziko lonse limaphunzira zimenezi kuchokera ku Blantyre.

Gogo Nabanda (Chulu): Eee, ndiye si zachilendo.

Chikondi (wophunzira ku KUHeS): Si zachilendo agogo. Koma onani chimene chinapangitsa kuti anthu akhulupirire: anayerekeza zimene anaona m'diso ndi zimene zinali mu ubongo mwenimwenimo, mwana ndi mwana. Komanso retina ndi ubongo n'zapachibale, zimachokera malo amodzi mwana akamaumbika m'mimba. Mtima si wachibale chotero. Ntchito ya diso ndi mtima ikadali pa siteji yoti tapeza kugwirizana.

Bambo a Yamikani (Santhe): Chabwino, tamva. Koma inu a chipatala mumangoti pitani ku Lilongwe ngati ndi kuseri kwa nyumba. Kuchoka ku Chamama kufika pa boma ndi ndalama, kuchoka pa boma kupita ku Lilongwe makilomita oposa 120, anthu awiri, kudya, mwina kugona. Fodya wa chaka chino anthu ena sanamalize kubweza ngongole ya feteleza. Achimwene a ku Johannesburg aja sanalakwe kufuna njira yachidule.

aMwale (C.O.): Sindikutsutsa bambo, ndimaziona tsiku ndi tsiku. Koma njira yachiduleyo kulibe. Makina a OCT angiography ndi odula kwambiri, m'zipatala za m'maboma simungawapeze, ndiye kuwafuna kungakhale ulendo wautali kuposa wa echo, n'kukabwerako ndi pepala limene dokotala wa mtima sangasinthire nalo mankhwala. Echo ndi makina a mtundu womwewo ndi aja timaunikira amayi oyembekezera, kungoti mtima umafuna mutu wake wapadera ndi munthu amene anaphunzira kuuwerenga. aNachisale, yambani mwapita ku kiliniki ya BP ndi shuga pa boma ndi kabuku kaja. Awayeze BP, awamvere m'chifuwa, aone mapazi otupawo, mwina akufunika kusintha mlingo wa furosemide, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ulendo usanachitike. Mufunsenso komweko za tsiku lenileni la ku Lilongwe kuti musakapite pachabe.

Aphunzitsi Banda (Mtunthama): Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Echo ilipo, zinazo zikubwera.

Madalitso wa Kabaza: Aphunzitsi mwambi wa fodya pa nkhani ya mtima? 😂

Nachisale (Chamama): Mwatchula fodya mwandikumbutsa. Bambo amasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, amangothyola m'chigafa mwawo momwemo n'kupichira. Chitulukireni kuchipatala asiya, koma ayamba wa mphuno, akuti uyu alibe utsi ndiye alibe vuto.

aMwale (C.O.): Kusiya kusutako achita chinthu chachikulu kuposa piritsi lililonse limene ali nalo, muwayamikire. Koma wa mphuno ali ndi nikotini yemweyo, amafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima. Asiyenso, pang'onopang'ono ngati kuli kovuta. China chimene anthu a kumudzi sauzidwa: bufeni, indosidi ndi diclofenac, aja timagula pa okala msana ukawawa. Kwa munthu wa mtima wofooka amasunga madzi m'thupi, amavutitsa impso, ndipo akaphatikizana ndi aspirin amatha kutulutsa magazi m'mimba. Mlimi wa fodya msana suchedwa kuwawa, ndiye ndikudziwa kuti m'nyumbamo alimo. Akamva kuwawa amwe panado. Mchere achepetse, wa patebulo uja achotseretu.

Nachisale (Chamama): Bufeni alimodi, amayi amagula paketi yonse. Ndiwaimbira pompano.

Mayi Kamanga (za maso): Musandimve ngati ndikuti kuunika maso kulibe ntchito kwa bambowa. Ine ndingakonde ndithu aunikidwe, pa zifukwa za maso zenizeni. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Munthu wofika podwala heart attack kawirikawiri BP kapena shuga wakhala naye zaka osadziwa. M'diso timatha kuona kuti zawononga kufika pati. Magazi odontha ndi timawanga toyera timatha pakapita miyezi BP ikatsika, pamene kupsinjana kwa mitsempha kuja sikubwerera. Tikapeza zizindikiro za shuga kwa munthu amene sanayezetsepo, timamutumiza akayezetse tsiku lomwelo. Izi sizifuna makina odula, tochi yathu ija ndi mankhwala odonthezera zikwanira. Ngati pangafunike zambiri, ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso cha Lions, ndiye mutha kuphatikiza ulendo umodzi ndi wa echo. Ku Nkhoma nakonso amadziwika ndi za maso. Chokhacho, ngati ali ndi ng'ala yokhwima sitiona bwino kumbuyoko, ndipo makina ojambula aja nawonso amalephera.

Nachisale (Chamama): Ng'ala alibe, amalowetsa okha ulusi pa singano yosokera ziguduli.

Mayi Kamanga (za maso): Ndiye zili bwino. Koma pali chinthu chimodzi chokhudza diso chimene nonse a m'nyumbamo muyenera kudziwa. Tsiku lina akadzati diso limodzi lachita mdima mwadzidzidzi, popanda kuwawa, ngakhale kwa mphindi ziwiri zokha kenako n'kuyambanso kuona, musadikire kuti kuche. Mtsempha wa m'diso umatha kutsekeka ndi kachidutswa kochokera kwina, ku mitsempha ya m'khosi kapena kumtima. Nthawi zina timakaona ndithu kachidutswako, konyezimira, katakakamira pamphambano ya mtsempha. Dokotala wina wa ku Mayo, Robert Hollenhorst, anafotokoza zimenezi mu 1961 ndipo mpaka pano timatchula dzina lake. Munthu wotere sitiroko ili pafupi.

aMwale (C.O.): Ndipo apa mpamene echo ikubweranso. Mbali ya mtima imene yasanduka chipsera sigwedezeka, ndiye magazi amatha kudikha pamenepo n'kuundana mkati mwa chipinda chija, makamaka masabata oyambirira ndiponso EF ikakhala yotsika. Kachidutswa kakathothoka kamapita ku ubongo, ku diso kapena ku mwendo. Woyeza echo amafufuzanso zimenezo, ndipo akapeza amawonjezera mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Diso lingakuuzeni kachidutswa katafika kale.

Bambo a Yamikani (Santhe): Apa ndiye mwandigonjetsa. Koma boma liganizirepo zobweretsa oyeza mtima m'maboma muno, ngakhale kamodzi pa mwezi.

Mai a Thoko (Nkhamenya): Ndalowa mochedwa. Ine funso langa, munthu woti wadwala chonchi angabwererenso kumunda? Malume anga anauzidwa ndi anthu kuti azingogona, pano chaka chatha sagwira khasu, anenepa, akungodandaula.

aMwale (C.O.): Kungogona n'kolakwika mayi. Amayamba ndi kuyenda pang'ono pabwalo, kuonjezera mtunda sabata ndi sabata, pa liwiro loti akutha kulankhula akuyenda. Akamva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, aime. Ntchito zokakamiza mpweya monga kunyamula belo, kukoka jeke kapena kugwetsa mitengo ya chigafa, zimenezo adikire kaye mawu a dokotala pambuyo pa echo yachiwiri. Malume anu apite akaonedwe, chaka chonse pa mphasa chimafooketsa munthu ngakhale mtima utachira.

Nachisale (Chamama): Bambo anayamba kale kufunsa za nazale, akuti September ali pafupi. Ndiwauza kuti kuthirira ndi makheni awasiyire anyamata, iwo aziyang'anira.

Aphunzitsi Banda (Mtunthama): Mayi Kamanga, ndisanaiwale. Ine anandiyambitsa aspirin chifukwa cha vuto la mitsempha ya m'miyendo. Ndiye poti m'diso munapezeka timadontho ta magazi tija, mnzanga wina akuti aspirin achititsa kuti diso lidzaze magazi ndichite khungu. Ndakhala ndikudumphitsa masiku ena chifukwa cha mantha.

Mayi Kamanga (za maso): Musadumphitse aphunzitsi. Funso limenelo linayesedwa ku America m'ma 1980 pa kafukufuku wamkulu wotchedwa ETDRS, wa anthu a shuga oposa 3,700 amene anali kale ndi vuto la retina. Theka ankamwa aspirin tsiku lililonse, theka ayi. Aspirin sanaonjezere kutuluka kwa magazi m'diso, ndiponso sanachiritse retina. Choncho ngati anakupatsani chifukwa cha mitsempha, imwani monga anakuuzirani. Timadontho tanu tija mankhwala ake ndi kusunga shuga ndi BP pamalo ake, ndi kubwera kudzaunikidwa pa tsiku limene anakulemberani. Mukadzaona tinthu takuda tambiri tikuyandama m'diso mwadzidzidzi, kapena kuona kwatsika, bwerani osadikira tsikulo.

Aphunzitsi Banda (Mtunthama): Zikomo mayi. Tsiku langa ndi Lachinayi sabata yamawa, ndibwera ndi mankhwala onse muwaone. aMada, mudzanditenge pa Mtunthama 6 koloko, koma liwiro lanu lija ayi.

Madalitso wa Kabaza: Mtengo wa apenshoni ndi womwewo aphunzitsi, petulo sadziwa zaka.